Magazi pa Chipata cha Nyumba ya Zanyengo

Kwa banja lofedwa, kwa abale ndi anansi, ndiponso kwa anthu onse amene uthenga uno uwapeze,

Ife a bungwe lofufuza za nyengo tikulemba mitima itasweka, ndiponso, sitibisa, mkwiyo ukutitentha m'chifuwa, pokudziwitsani za imfa ya mayi wathu ndi mnzathu wa pantchito, katswiri wamkulu wa makina a bungwe lino, amene anatsikira kulichete m'mawa wa Lachinayi lapitali pachipatala chachikulu, atamenyedwa ndi khamu la anthu pachipata cha ofesi yathu dzulo lake. Sanadwale kuti tinene kuti matenda awatenga, sanakalambe kuti tinene kuti apumula. Anaphedwa ndi miyala ndi zibonga, dzuwa likuswa mtengo, pamalo pamene ankadutsa m'mawa uliwonse kwa zaka zoposa khumi akupatsa moni aliyense. Mauthenga otere amafuna kuti tifewetse mawu, tingoti mnzathu watisiya mwadzidzidzi. Ife takana kutero, pakuti munthu amene sankadziwa kuzungulira polankhula sayenera kuperekezedwa kumanda ndi mawu ozungulira.

Pa ofesi pano ndi ochepa amene ankawaitana ndi dzina la pa chiphaso chawo. Kwa tonsefe anali a Vulansapato, ndipo dzinali linabadwira mu ntchito yaikulu imene atisiyira. Pamene ankabwera, bungwe lathu linali ngati nkhokwe yobooka pansi. Manambala a mvula, a mphepo ndi a kutentha, amene anthu athu ankayeza m'mapiri ndi m'zigwa, ankafika kuno ena pa mapepala onyowa, ena pa foni, ena osafika n'komwe. Makatoni a zaka zakale ankadyedwa ndi chiswe pansi pa masitepe. Ndipo tsiku limene akuba anaba kompyuta ya m'manja ya wofufuza wina, ntchito ya madzinja angapo inasungunuka ngati mchere wogwera m'madzi. Malemuwa ataona zimenezi anapempha chinthu chimodzi chokha: chipinda cha kumapeto kwa khonde, mmene tinkaunjika mipando yothyoka. Anachisesa okha, anatseketsa mawindo ake ndi njerwa, anaikitsa chitseko chachitsulo ndi makina oziziritsa mpweya, ndipo mmenemo anaimika seva, kompyuta yaikulu yosagona tulo, imene ntchito yake ndi kulandira ndi kusunga chilichonse chimene zoyezera zathu zatumiza. Mawaya anakoka okha, akukwawa kudenga pakati pa zitosi za mileme, n'kutsikako ali mbuu ngati munthu wochokera kuchigayo. Anayala mabatire ndi magetsi a dzuwa kuti magetsi akazima sevayo isaphethire n'komwe. Anayendera malo athu onse oyezera nyengo, kutali ndi pafupi, kulumikiza choyezera chilichonse ndi netiweki ya foni, kotero kuti mvula ikagwa kuphiri, nambala yake inkafika m'chipindamo dothi lisanaume. Mapepala akale amene chiswe chinasiya anawajambulitsa onse. Ndipo poti ankakonda kunena kuti mbewu sasunga m'thumba limodzi, anakonza zoti chilichonse cholowa mu seva yathu chizikopedwa nthawi yomweyo ku seva ina, mumzinda wina.

Zipatso za ntchito imeneyi anadya ndi anthu amene sanaonepo nkhope yawo. Chaka chimene mtsinje waukulu unasefukira, chenjezo limene linatulutsa mabanja a kuchigwa madzi asanafike linachokera ku manambala a m'chipinda chimenecho. Alimi osankha nthawi yodzala, omanga milatho, ophunzira a kusukulu za ukachenjede, onsewa akhala akutunga pa chitsime chimene mayiwa anakumba.

Mdani wawo anali mmodzi, fumbi. Pakhomo la chipindacho panali kamkeka, ndipo palibe amene ankadutsa pamenepo atavala nsapato. Tsiku lina tinalandira mlendo wolemekezeka kwambiri, wa suti yonyezimira ndi anthu omunyamulira chikwama. Atafika pakhomopo malemuwa anatambasula dzanja nati, "Pepani bwana, muno mulibe wamkulu woposa makinawa. Vulani." Mlendoyo anavula, chala chachikulu chinasuzumira pa sokosi yobooka, ndipo woyamba kuseka anali iye mwini. Kuyambira tsikulo dzina linamata.

Tsono chaka chino mvula inakana. Mitambo inkasonkhana masana, yakuda bii, anthu n'kuyamba kutchera zidebe, koma pofika madzulo inkabalalika ngati nkhuku zoona kabawi. Mbewu zinapsa zili m'mawondo. Mipopi inayamba kutulutsa mpweya wokhawokha, mitengo ya zakudya pamsika woyandikana ndi ofesi yathu inakwera, ndipo anthu anayamba kufunafuna wolakwa, pakuti njala sifuna kufotokozeredwa, imafuna munthu woloza chala. Padenga la ofesi yathu panali mlongoti wachitsulo, ndipo pamwamba pake tizikho titatu tozungulira, toyezera liwiro la mphepo. Sitikudziwa amene anayamba kunena kuti tizikho timeneto tikupemerera mitambo kuti ithawe, ndi kuti m'chipinda chopanda mawindo muli makina otseka mvula. Mawuwo anayenda pakamwa ndi pakamwa, m'mabasi, pamalo ometera, m'mafoni, ndipo kulikonse kumene ankafika ankanenepa.

Malemuwa sanawanyoze anthu olankhula zimenezi. Anatsegula chipata, anaitana ogulitsa a pamsika kuti adzaone okha, anatsitsa choyezera chakale n'kuwapatsa kuti achipemerere ndi pakamwa. Amene anabwera anaseka, anabwerera atakhutira. Koma amene sanabwere anali ambiri. Sabata yathayi malo athu ena oyezera nyengo kumudzi anaphwanyidwa ndi nkhwangwa, ndipo mphunzitsi amene ankatisamalirira malowo anathyoledwa mkono. Tinadziwitsa achitetezo, ndipo ena mwa ife tinanyamuka kupita kuderalo kukaona wovulalayo. N'chifukwa chake Lachitatu pa ofesi panatsala anthu ochepa. Zimene zikutsatirazi tazimva kwa amene analipo, ndi kwa amuna a malemuwa, amene atilola kuti tizinene.

M'mawa wa tsikulo, amuna awo, amene ndi kalipentala, anawaimitsa pakhomo la nyumba.

"Amake ana, lero musapite," anatero. "Anyamata amene anabwera dzulo kudzatenga matabwa amalankhula zosakhala bwino. Akuti chozungulira chija athana nacho."

"Mukanditsekera lero, mawa mudzanditsekeranso," anayankha mayiwo akumanga chikwama. "Mphekesera ili ndi tsiku lopuma? Disiki imodzi yosunga manambala mu seva ikulira ngati chitseko chosowa mafuta. Ndikaisintha, ndibwera. Ndipo shelefu ya kukhitchini imene munalonjeza chaka chatha ndidzaipeze mwakhoma."

"Inu simudziwa kuti kalipentala amagona pa bedi lothyoka?"

Anaseka onse awiri, ndipo bambowo anawaperekeza mpaka pokwerera basi, chinthu chimene sankachita masiku onse.

Chakumasana malemuwa anali atagwada kutsogolo kwa seva, sikuludiraiva ili kukamwa, akulowetsa disiki yatsopano. Pambali pawo, atakhala pampando, panali wofufuza wathu wamkulu, mayi amene timangowatcha adokotala, amene ndi oyembekezera ndipo mwezi wawo uli pafupi. Ankabwera m'chipindamo kudzathawa kutentha. M'chipinda chimenecho phokoso la kumsewu silimveka, choncho choyamba chimene anamva sanali mawu a anthu koma kugunda, kamodzi, kolemera, padenga. Kenako kawiri. Kenako denga lonse linalira ngati kukugwa matalala.

Malemuwa anathamangira pawindo la pakhonde. Msewu wonse, kuyambira pachipata mpaka pamsika, unali mitu yokhayokha. Anaona zikwanje zikung'anima, mipini ya makasu, zitsulo, njerwa zoswa pakati. Anaona mwamuna wovala chipewa cha njinga yamoto atakwera pa ngolo, akuloza mlongoti ndi chibonga, ndipo kumbuyo kwake ena awiri atanyamula chigubu chachikasu ndi tayala. Ali chiyang'anire, galasi la windo loyandikana nalo linaphulika, zidutswa zake zinawacheka patsaya. Sanamve kuwawa. Chimene chinawalowa m'mutu chinali kuwerenga anthu: adokotala, dalaivala, mayi wokolopa, kalaliki wa ku ofesi yakutsogolo. Ndi alonda, kunja, okha.

"Nonse kuno! Msanga!" anakuwa.

Anawakankhira m'chipinda cha seva mmodzimmodzi. Mayi wokolopa anawerama pakamkeka paja kuti amasule nsapato mwa chizolowezi.

"Lowani nazo!" anatero malemuwa akuwakoka pamkono. "Lero lowani nazo!"

Anatulutsa kiyi m'thumba n'kupatsa dalaivala. "Achimwene, uyu ndi wa kakhomo kakumbuyo ka chipinda chino, kotulukira kujenereta. Chitseko ichi sangachithyole msanga. Koma mukangomva fungo la utsi, musadikire munthu, atulutseni amayiwa kumbuyo, mudumphe nawo mpanda."

"Nanga seva?" anafunsa adokotala, poti munthu akachita mantha amafunsa zilizonse.

"Zonse zili kale kwinako. Ichi ndi chitsulo chabe, akafuna aotche."

Tikufuna mawu amenewa amveke bwino, chifukwa tamva ena akunena kuti mayiwa anafera makina. Ayi. Makinawo anawamanga mwa njira yoti munthu asadzawafere. Anali atagwira kale chogwirira cha chitseko kuti adzitsekere pamodzi ndi anzawo, pamene kunja kunamveka kulira kumene kunapyoza phokoso lonse la khamulo, kulira kwa munthu wamkulu.

Alonda athu ndi bambo wachikulire, wa imvi, amene malemuwa ankawatcha madala ndipo ankagawana nawo tiyi m'mawa uliwonse. Bambowa ataona khamu likubwera anakhoma chipata n'kuponya kiyi m'maluwa, ndipo anakana kunena pamene kiyiyo anagwera. Anthu anakwera mpanda, anathyola loko ndi chitsulo, anawagwetsa pansi, anawaponda kumaso ndi m'nthiti, anawakwekwesa pamiyala mpaka pachipata. Pamene malemuwa ankasuzumiranso pawindo losweka lija, tayala linali litalowa kale m'khosi mwa madalawo, ndipo wa chigubu uja ankawathira petulo pamutu ngati akusambitsa mwana.

"Achemwali, musatuluke!" adokotala anawagwira diresi atangobwerera pachitseko. "Akuphani!"

"Khomani," anatero malemuwa. Anamasula zala za adokotala chimodzichimodzi, anatuluka, nakankha chitsekocho ndi msana mpaka chinalira.

Dalaivala akuti anamva mapazi awo akuthamanga pakhonde, ndipo anadziwa kuti akuthamanga ndi masokosi okha pamagalasi osweka. Anatulukira pakhomo lakutsogolo manja ali m'mwamba, magazi akutsika patsaya, akukuwa ndi mawu amene sitinawamvepo m'zaka zonse tinakhala nawo.

"Asiyeni! Asiyeni bambowo! Ntchito yawo ndi kutsegula geti basi! Makina amene mukufunawo ndinaika ndine! Ndine!"

Khamu likamadya munthu siliyembekeza kuti wina abwera yekha kudzalowa pakamwa pake. Anthu anapatuka, osadziwa chifukwa chimene akupatukira. Mayiwo anadutsa pakati pawo, anafika pamene panali munthu wonyamula machesi, amene anali atatulutsa kale kamtengo, anamuyang'ana m'maso, ndipo anawerama n'kugwira tayala lija ndi manja awiri. Linali lolemera, loterera ndi petulo. Analikoka, linakodwa pachibwano cha madalawo, analikokanso mpaka linatuluka, naligubuduzira m'ngalande.

"Mukufuna mlongoti?" anatero akupuma movutika. "Makwerero ali kuseri uko. Sipanala ndikupatsani ndine. Kwerani, gwetsani, ndikuonetsani ndi pomasula pomwe. Koma munthu ayi."

Kwa kanthawi zinaoneka ngati zatheka. Ena anatsitsa miyala. Ena anayamba kuyang'ana kumbali, monga amachitira munthu akadzidzimuka n'kudziona chimene wanyamula. Pamenepo kutsogolo kunatulukira mayi wina wogulitsa tomato pamsika, amene malemuwa ankagula kwa iye kawirikawiri ndipo ankadziwana bwino. Mayiyu analibe mwala m'manja. Anali kulira.

"Mayi," anatero, "ifetu tatha. Kumunda kwapsa, ana akugona ndi madzi. Inu mumaona zakumwambazi. Tiuzeni zoona, mvula ili kuti?"

Munthu wochenjera akanati sakudziwa. Koma malemuwa anali atakhala m'mawa wonse pafupi ndi manambala, anali atamva adokotala akufotokoza za mphepo yachinyezi imene inali kubwera, ndipo patsogolo pawo panali mayi mnzawo akulira. Anafuna kumutonthoza ndi chinthu chokhacho chimene anali nacho.

"Ikubwera, mayi. Limbani mtima. Pofika Loweruka igwa, ndipo igwa yambiri."

Kenako wa chipewa uja anakuwa ali pangolo:

"Mwamva? Mwadzimvera nokha? Akudziwa ndi tsiku lomwe! Amadziwa tsiku lotsegula mpopi ndani, ngati si amene anautseka?"

Njerwa yoyamba inachokera kumbuyo, inawapeza pamwamba pa khutu. Anagwada. Yachiwiri inawamenya paphewa. Sanayese kuthawa, ndipo pothawira panalibe; anadzigwetsa pamwamba pa madalawo, anakumbatira mutu wa imviwo pachifuwa pawo, napereka msana. Zimene zinatsatira sitizilemba zonse, chifukwa ana awo adzawerenga uthenga uno. Tingoti mipini imene inasemedwa kuti ilime inagwira ntchito ina tsikulo, ndipo anthu amene anamenya anali ambiri, amuna ndi akazi, ena a iwo anthu amene anapatsidwapo moni pachipata chomwecho. Mayi wa tomato uja anadziponya pakati akukuwa kuti, "Mwapha! Mwapha! Basi!" ndipo naye anathyoledwa zala ziwiri poteteza mutu wa malemuwa ndi manja ake.

Ena anali atalowa kale m'nyumba. Anaswa makompyuta a m'maofesi, anang'amba mapu a pakhoma, anakwera padenga n'kugwetsa mlongoti, umene unagwera pagalimoto ya bungwe, ndipo galimotoyo anaiyatsa moto. Chitseko chachitsulo anachitema ndi nkhwangwa mpaka mpini unathyoka. Mabala ake alipo, aliyense angathe kudzawaona, koma sichinatseguke. Utsi utayamba kulowa, dalaivala anachita monga anauzidwira: anatulutsa amayi aja ndi kalaliki pakakhomo ka kujenereta, anawadumphitsa mpanda, atanyamula adokotala pamsana. Atawasiya m'nyumba ya anthu achifundo kuseriko, anabwerera yekha. Achitetezo anali atafika, atavutika kudutsa msewu umene unatsekedwa ndi miyala, ndipo utsi wokhetsa misozi unali utabalalitsa anthu. Pachipata panatsala nsapato zotayika, njerwa, ndi anthu atatu ogona pansi. Kuti awachotse malemuwa pamwamba pa alonda, anachita kumasula manja awo mwamphamvu.

Kuchipatala madokotala anayesetsa, ndipo tikuwathokoza. Madzulo a tsikulo mayiwa anatsegula diso limodzi, lina litatupa, nawona amuna awo ataima pambali pa bedi, utuchi ukadali m'tsitsi, poti anathamanga kuchokera kushopu osasintha n'komwe.

"Madala aja?" ananong'ona.

"Ali moyo. Ali chipinda chinacho."

"Adokotala?"

"Ali bwino, ndi mwana yemwe ali bwino."

Anatseka diso, ndipo bambowo anaganiza kuti agona. Koma milomo inagwederanso. "Abambo ake, musakalipire ana chifukwa cholira. Alekeni alire." Sanalankhulenso. Kutacha, dzuwa litangotuluka, anapita.

Tsopano tikutembenukira kwa inu, anthu a mumzinda uno ndi madera ozungulira, ndipo tikupempha kuti mutimvere ngakhale mawu athu akhale owawa. Loweruka mvula inagwa. Inagwa yamphamvu, tsiku lonse, ndipo ngalande za pamsika zinasefukira. Tamva kuti ena anavina m'mvulamo akuimba kuti aimasula. Kwa amenewo tikunena poyera, pamaso pa Mulungu ndi pamaso pa anthu: simunamasule kanthu. Mvula imeneyi inalengezedwa pa wailesi Lolemba, mlongoti uli chiimire, mayiwa ali moyo. Inagwa kuno, inagwanso kumadera akutali kumene kulibe mlongoti, kulibe seva, ndipo sikunaphedwe munthu. Ikanagwa ndithu ngakhale mukanakhala kunyumba kwanu Lachitatu. Kusiyana kwake n'kwakuti mukanadzala mbewu zanu ndi manja oyera, ndipo ana awiri akanakhala ndi mayi wawo. Njala yanu tikuidziwa, pakuti nafenso tili ndi abale amene minda yawo yapsa. Koma njala sinanyamule njerwa, ananyamula ndi munthu, ndipo munthu ameneyo ali ndi dzina, ali ndi nyumba, ndipo usiku amagona pafupi ndi anthu amene akudziwa chimene anachita. Sitikufuna kubwezera, ndipo tikuletsa aliyense wochita chiwawa m'dzina la malemuwa, amene anafa poletsa chiwawa. Chimene tikufuna ndi chilungamo cha bwalo la milandu, ndipo sitidzatopa kuchilondola. Amene munaona, pitani mukanene. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Khamu limene lalawa magazi a mayi wosalakwa lero silidzafunsa dzina lanu mawa.

Tikudziwitsanso onse amene timagwira nawo ntchito kuti palibe nambala ndi imodzi yomwe imene yatayika, kuti malo athu oyezera nyengo akupitiriza kutumiza, ndi kuti mlongoti tidzauimikanso pamalo omwewo, pakuti kuusiya pansi kungakhale kuvomereza bodza limene linapha mnzathu. Tikuthokoza dalaivala wathu, amene anabwerera pamene aliyense akanathawa. Banja limene linatsegula chitseko chawo n'kubisa anthu athu. Ndi mayi wogulitsa tomato, amene ali m'chipatala ndipo sakuleka kudziimba mlandu chifukwa cha funso lake. Mayi, funso lanu linali la munthu wanjala, ndipo linayankhidwa ndi munthu wachifundo. Mlandu uli ndi eni ake, si inu. Alonda athu, amene athyoka nthiti ndi chibwano ndipo sangathe kulankhula, apempha ndi manja kuti tidzawanyamule pa mpando wa odwala kupita nawo kumaliro Lachiwiri. Madokotala akana, iwo akakamira, ndipo ife tawauza madokotalawo kuti bambo amenewa anakana kupereka kiyi kwa anthu a zikwanje, ndiye sitikuona amene angawagonjetse.

Kwa inu bambo, amuna a malemuwa, amene munaona ngozi ikubwera ndipo munanena: musadzizunze ndi maganizo akuti mukanaumirira. Ife amene tinagwira nawo ntchito tikudziwa, monga inu mukudziwira koposa, kuti mayiwa akatsimikiza chinthu panalibe wowabweza, ndipo mukanawatsekera m'nyumba tsikulo, lero tikanakhala tikulira bambo wina amene anapsa ndi moto pachipata chathu. Kwa inu mayi owabereka, amene mwaona chimene kholo lililonse limapempha kuti lisadzaone; kwa inu apongozi, achimwene ndi achemwali awo, alamu ndi adzukulu; kwa inu nonse amene munkadya m'dzanja lawo ndi kutsamira pa phewa lawo: pepani, pepani ndithu. Tinabwereka mwana wanu ali wamoyo, wamphamvu, wanthabwala, ndipo tikumubweza m'bokosi. Mawu oti n'kufewetsa zimenezi tilibe, ndipo sitinamizira kuti tili nawo. Chimene tingalonjeze n'chakuti bungwe lino silidzatembenuza msana maliro akatha ndi anthu akabalalika. Sukulu ya ana tidzaisenza pamodzi nanu, ndipo pa mlandu uliwonse kubwalo mudzatipeza titakhala pambali panu.

Ndipo kwa inu ana athu awiri, makamaka iwe woyamba, amene ukulemba mayeso chaka chino. Pakhonde la chipatala m'mawa uja unatigwira malaya n'kufunsa kuti, "Amalume, amayi analakwa chiyani?" Tikuyankha pano, pamaso pa anthu onse, kuti wina asadzakuuze zina ukadzakula. Amayi ako sanalakwe kanthu. Anali m'chipinda chotetezeka, dzanja lili pa chitseko, ndipo anamva munthu akulira panja. Anthu ambiri abwino akanakhoma chitsekocho n'kulira ali mkati, ndipo palibe akanawadzudzula. Amayi ako anatuluka. Ukadzamva anthu akutchula dzina lawo, usadzaweramitse mutu.

M'malo mwa akuluakulu oyendetsa bungwe lino, ofufuza, amisiri, oyeza nyengo a m'madera onse, ndi ogwira ntchito onse kuyambira pachipata mpaka ku ofesi yomaliza, tikupereka chipepeso chathu chochokera pansi pa mtima kwa banja lonse. Mwini moyo akugwireni dzanja pamene miyendo ikukana, akupatseni mphamvu za tsiku limodzi lokha m'mawa uliwonse kufikira mudzathe kusenza za mawa, ndipo mayi wathu, amene masana ake omaliza anali a phokoso ndi miyala, apeze bata limene anthu anawamana.

Ndife olira nanu,

Mkulu wa bungwe,
m'malo mwa mamembala ndi ogwira ntchito onse.